Misika ya Khirisimasi ya ku Ulaya: kodi zidole zonsezo amasema ndani?

Ana inu, kuno kwathu Khirisimasi imatipeza mvula ili mkati, chimanga chitamera, mango ali mbwee m'misika, dzuwa likutuluka m'mamawa n'kulowa mochedwa. Ku Germany mwezi womwewo wa Disembala ndi wamdima ndi wozizira koopsa. Mumzinda wa Dresden dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo ikamakwana 4 koloko masana limakhala likulowa. Mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, kumunda kulibe cholima, ndipo masiku ena madzi a m'zithaphwi amauma gwaa chifukwa cha kuzizira. Munthu akamayankhula panja, mpweya wa m'kamwa mwake umachita kuoneka.

Nyengo imeneyi ndi imene anthu amavala majekete ochindikala, zipewa ndi magolovesi n'kukhamukira pabwalo la pakati pa mzinda. Pabwalopo pamakhala atamangapo tinyumba tamatabwa tambirimbiri m'mizere, kalikonse kali ndi nyale zake ndi malonda ake. Misika yotereyi imatsegulidwa kumapeto kwa Novembala, nyengo ya Adiventi yokonzekera Khirisimasi ikamayamba, ndipo yambiri imatsekedwa pa 23 kapena pa 24 Disembala. M'dziko la Germany lokha imakhalapo yoposa 2,500 chaka chilichonse. Ina imachitika ku Austria, ku Switzerland, ku France, ku Poland, ku Czech Republic ndi m'maiko ena oyandikana nawo.

Msika wa ku Dresden, wotchedwa Striezelmarkt, ndi umodzi mwa yakale kwambiri. Unayamba mu 1434, pamene wolamulira dera la Saxony, Friedrich II, analola kuti pakhale msika wa tsiku limodzi Khirisimasi isanafike. Masiku amenewo simukanangodzuka n'kutsegula msika, pankafunika chilolezo cha wolamulira. Ndipo unali msika wa nyama basi. Anthu ankasala zakudya zonona m'nyengo ya Adiventi, choncho ankafuna pogulira ndiwo ya pachikondwerero. Pang'ono ndi pang'ono ophika makeke, oumba mbiya, oluka ndi osema anayamba kubwera ndi katundu wawo, tsiku limodzi lija n'kusanduka masabata angapo. Ku Strasbourg, mzinda umene lero uli ku France, msika wawo wa Khirisimasi unayamba mu 1570. Ku Nuremberg, umboni wakale kwambiri wa msika wawo ndi kabokosi kamatabwa kamene pansi pake panalembedwa kuti kanachokera kumsikawo m'chaka cha 1628. Kabokosiko kakusungidwabe mpaka lero m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mumzindawo.

Tiyeni tione kaye za ku Nuremberg komweko. Lachisanu loyandikira Lamulungu loyamba la Adiventi, chakumadzulo, anthu amadzaza bwalo lonse ndipo magetsi amazimitsidwa. Kenaka pakhonde la pamwamba pa tchalitchi cha Frauenkirche pamaonekera mtsikana wovala mkanjo woyera ndi wagolide, tsitsi lopotanapotana, chisoti chachifumu kumutu. Amamutcha Christkind. Iyeyu ndiye amalakatula mawu otsegulira msika, nyale zonse n'kuyaka. Kuyambira mu 1969, mtsikanayu amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse pakati pa atsikana a mumzindamo a zaka 16 mpaka 19, ndipo chimodzi mwa zofunika n'chakuti asamachite chizungulire akaima pamalo okwera. Ntchito yake sithera pakhonde paja. Mwezi wonse amayendera ana m'zipatala ndi m'masukulu a mkaka, komanso agogo m'nyumba zosamalira okalamba.

Tinyumba ta pamsikawu ndi pafupifupi 180, madenga ake ansalu za mizere yofiira ndi yoyera. Fungo ndi limene limayamba kukulandirani: tisoseji tating'onoting'ono tikuwotchedwa pamakala, mtedza wa alimondi ukukazingidwa mu shuga, ndi makeke a uchi ndi zonunkhiritsa otchedwa Lebkuchen. Akuluakulu amamwa vinyo wotentha, ana amawapatsa madzi a zipatso otentha opanda mowa. Kapu yomwera mumailipirira ndalama yachikole, mukaibweza ndalama yanu amakubwezerani. Ambiri amagwira kapuyo ndi manja awiri kwa nthawi yaitali asanamwe, kuti zala ziyambe zamva kutentha.

Koma ine chimene chimandikoka mtima si zakudyazo. Ndi zinthu zosema, zoumba ndi zagalasi zimene zimadzaza mashelefu. Mukafufuza kumene zinayambira, mupeza kuti zambiri zinatulukira m'midzi ya anthu osauka amene ntchito inawathera, n'kuyamba kufunafuna china chodyetsera ana awo.

Kum'mwera kwa Dresden, m'malire a Germany ndi Czech Republic, kuli mapiri otchedwa Erzgebirge. Mu 1168 anthu anapeza siliva pamalo amene lero pali mzinda wa Freiberg, ndipo kwa zaka mazanamazana anthu a m'mapiriwa ankadalira migodi ya siliva, tini ndi miyala ina. Pamudzi wa Seiffen ankakumba tini. Koma mgodi sukhalitsa mpaka kale. Miyala ija itayamba kuchepa, mabanja anasowa pogwira. Kulima sikukanawathandiza kwenikweni, poti kumapiriko nthaka ndi yosabereka ndipo chisanu chimatenga miyezi yambiri. Chimene anali nacho chochuluka ndi mitengo, komanso mitsinje yothamanga imene kale inkazungulitsa mawilo a makina ophwanyira miyala. Anthu aja anagwiritsa ntchito mphamvu ya madzi yomweyo kuzungulitsa makina osemera. Anayamba ndi mbale, mabatani ndi ziwiya zina zapakhomo, kenaka zidole.

Ku Seiffen kuli luso lina limene ndikufuna mulimvetse bwino, chifukwa ndi lanzeru zedi. Mmisiri amadula chipika cha mtengo wa mtundu wa paini chikadali chonyowa, n'kuchimangirira pamakina ochizungulitsa mwaliwiro. Chipikacho chikuzungulira, iye amakanikizapo tchizulo zosiyanasiyana, ina yopindika, ina yosongoka, zipalapala zikuuluka n'kumumatirira pamalaya. Pomaliza chimene chimatuluka ndi mkombero wamatabwa wokhala ndi timizere ndi timaenje. Mukauona simungadziwe kuti ndi chiyani. Ndiye mmisiri uja amatenga mpeni ndi kanyundo n'kuyamba kuubenthula mkomberowo tizidutswa, monga mmene timadulira buledi. Kachidutswa koyamba kakagwa, mumaona kuti ndi kavalo: mutu, msana, miyendo, zonse zilipo. Kachiwiri ndi kavalonso, kachitatu chimodzimodzi. Mkombero umodzi umatulutsa akavalo makumi angapo, wina ng'ombe, wina njovu. Chovuta chake n'chakuti nthawi yonse imene akusema, mmisiriyo nyamayo saiona. Imakhala m'mutu mwake ndi m'zala zake, ndipo amadziwa ngati wakhoza pokhapokha atadula mkombero. Akatero ena amasalaza kanyama kalikonse ndi mpeni n'kukapaka utoto. Amisiri odziwa luso limeneli atsala ochepa kwambiri masiku ano.

Anthu a m'migodi ankalakalaka kuwala kuposa china chilichonse. M'nyengo yozizira ankalowa pansi kusanache n'kutuluka kutada, ndipo masiku ambiri ankatha osaliona dzuwa. N'chifukwa chake zosema zambiri za kumapiriwa zimanyamula makandulo. Pali uta wamatabwa kapena wachitsulo wokhala ndi makandulo pamwamba pake, umene amauika pawindo. Wakale kwambiri umene ukudziwika unasulidwa ndi chitsulo mu 1740 m'tauni ya Johanngeorgenstadt. Panalinso mwambo wakuti mwana wamwamuna akabadwa amamusemera chidole cha munthu wa mumgodi chonyamula kandulo, wamkazi amamusemera mngelo. Pa Khirisimasi zidolezi ankaziika pawindo, ndipo wodutsa pamsewu ankatha kuwerenga kuti m'nyumba umo muli anyamata angati ndi atsikana angati.

Chosema china chimazungulira chokha popanda batire. Ndi kansanja kamatabwa kokhala ndi nsanjika ziwiri, zitatu kapena kupitirira. Pakati pake pali ndodo yoima imene nsonga yake yapansi yakhazikika pakambale kosalala. Pandodopo amamangirirapo timatebulo tozungulira, pamene pamaima abusa, nkhosa, angelo ndi Anzeru a Kum'mawa. Pamwamba penipeni pali mapiko amatabwa opendekeka. Mukayatsa makandulo m'munsi, mpweya wotentha umakwera, chifukwa ndi wopepuka kuposa wozizira. Ukamakwera umakankha mapiko opendekeka aja, mapiko amazungulitsa ndodo, ndodo n'kuzungulitsa nkhosa ndi abusa onse. Mukazimitsa kandulo imodzi liwiro limachepa. Pamsika wa ku Dresden pamaima chachikulu chotalika mamita oposa 14, koma chimenecho amachiyendetsa ndi magetsi.

Palinso kamunthu kosuta kaliwo. Thupi lake ndi lamphako ndipo limagawika pawiri m'chiuno. Mumaika kachibulunga ka lubani m'kati, kuyatsa, n'kutseka. Mpweya umalowa pakabowo kapansi, utsi wonunkhira n'kumatuluka pakamwa. Timaanthu timeneti kawirikawiri timakhala anthu wamba: wogulitsa mbalame, wa mumgodi, wopereka makalata. Koma chidole choswera mtedza, chija cha mano akuluakulu ndi maso olusa, nthawi zambiri chimakhala mfumu, msilikali kapena wapolisi. Kumsana kwake kuli chogwirira, mukachikweza kamwa limayasama, mukaikamo mtedza wa chikamba cholimba n'kutsitsa chogwirira, mtedza uja phwaa! Anthu a kumeneko amafotokoza kuti osauka ankasangalala kuona akuluakulu amene ankawalamula akuwagwirira ntchito yolimba patebulo. Mmisiri wina wa ku Seiffen, Wilhelm Füchtner, ndiye anayamba kupanga zidole zimenezi zambirimbiri cha m'ma 1870, ndipo zidzukulu zake zikupitirizabe ntchitoyi pamudzi womwewo.

Apa pali nkhani ina imene sindikufuna kukubisirani, poti ikukhudza ana anzanu. Pamsika wa ku Dresden amagulitsa kamunthu kakuda kopangidwa ndi zipatso zouma za pulamu zotungidwa kutimitengo, kali ndi chipewa chachitali ndi kamakwerero m'manja. Dzina lake ndi Pflaumentoffel, ndipo lero anthu amakagula ngati chinthu chamwayi. Koma kamunthuka kakuimira anyamata enieni a zaka 7 kapena 8, ambiri mwa iwo amasiye, amene kale ankatumidwa kukwawa m'kati mwa machumuni a nyumba kukapala mwaye, chifukwa munthu wamkulu sakanakwanamo. M'zaka za m'ma 1800, ogulitsa timaanthu timeneti analinso ana. Ankapachika kabokosi m'khosi n'kuima panja pozizira mpaka usiku, kuitanira malonda kuti kwawo adye. Akuluakulu a mzindawo analetsa zoti ana azigulitsa pamsikapo mu 1910. Ine ndimaona kuti anachedwa nacho chiletsocho. M'midzi ya osema namonso ana ankakhala patebulo limodzi ndi makolo awo kupaka utoto zidole zoti ana a mabanja olemera akaseweretse, ndipo malipiro a banja lonse ankakhala ochepa, chifukwa phindu lalikulu linkapita kwa amalonda ogula mopikula. Kukongola kwa zinthuzi kusatiiwalitse zimenezo.

Timipira tonyezimira timene anthu amapachika pamtengo wa Khirisimasi kwawo ndi ku Lauscha, tauni yaing'ono ya m'nkhalango za Thuringia. Ntchito yopanga galasi inayamba kumeneko mu 1597, ndipo timipirati tinayamba kupangidwa cha m'ma 1840. Mmisiri amatenga kapaipi kagalasi n'kukatenthetsa palawi lamoto, akukatembenuza ndi zala mpaka katafewa. Kenaka amauzira mpweya ndi pakamwa, galasi lija n'kufufuma. Akafuna mbalame, chipatso kapena belu, amaika galasi lofewalo m'chikombole n'kuuziranso. Kunyezimira kuja kumachokera m'kati: amathiramo mankhwala a siliva n'kukhutchumula m'madzi otentha mpaka silivayo atamatirira kugalasi. Utoto umabwera pomaliza. Cha m'ma 1880, wamalonda wa ku America, Frank Woolworth, anayamba kugulitsa timipira ta ku Lauscha m'masitolo ake, ndipo tinayenda malonda mpaka tinafalikira dziko lonse lapansi. Tambiri timene timaona m'masitolo lero ndi tapulasitiki ta m'fakitale, koma ku Lauscha akadauzirabe ndi pakamwa, ndipo m'nyengo ya Adiventi amakhala ndi msika wawowawo wa timipira.

Kum'mwera kwa France, mumzinda wa Marseille, msika wa tizidole tadongo unayamba mu 1803. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, nthawi ya chipwirikiti chachikulu cha ndale m'dzikolo, matchalitchi anatsekedwa, ndipo anthu amene anazolowera kukaona khola la Yesu kutchalitchi anayamba kudzikonzera timakola tawo kunyumba. Oumba a kumeneko sanalekere pa Mariya, Yosefe ndi abusa. Anaumbanso anansi awo: mayi wogulitsa nsomba, bambo wachigayo ndi thumba lake la ufa, wotunga madzi, wonola mipeni, onse ali pa ulendo wokaona mwana. Mabanja ambiri amagula kamodzi kapena tiwiri chaka chilichonse, mudzi wa pashelefu n'kumakulirakulira.

Ku Kraków, m'dziko la Poland, nkhani yake ikufanana ndi ya anthu a m'migodi aja. M'zaka za m'ma 1800, amisiri omanga nyumba ankakhala opanda ntchito nyengo yozizira, poti matope omangira sagwira bwino kukazizira kwambiri. Pofuna kupeza kangachepe, anayamba kupanga makola a Khirisimasi n'kumayenda nawo khomo ndi khomo, akuonetsa timasewero ta zidole. Poti anali omanga, sanapange khola la udzu. Anatengera nsanja, mawindo ndi madenga a matchalitchi a mumzinda wawo, makamaka tchalitchi cha Mariya Woyera cha pabwalo lalikulu, n'kuika khanda Yesu pakati pa zonsezo. Makola amenewa amatchedwa szopki. Mafelemu ake ndi amatabwa ndi makatoni, ndipo kunja amamata timapepala tonyezimira tamitundumitundu, tofanana ndi tokutira maswiti ndi chokoleti. Ena ndi aatali kuposa munthu wamkulu, ena ndi ang'onoang'ono okwana m'dzanja. Muli mawotchi, mbendera, ngakhale chinjoka cha m'nthano za mzindawo. Kuyambira mu 1937 pamachitika mpikisano. Lachinayi loyamba la Disembala, opanga amanyamula makola awo kupita nawo pabwalo lalikulu n'kuwandandalika pachipilala cha mlakatuli Adam Mickiewicz kuti aliyense aone. Ana nawonso ali ndi gawo lawo pampikisanowu, ena amapanga paokha, ena ndi kalasi yawo yonse. Mu 2018 bungwe la UNESCO linaika luso limeneli pamndandanda wa miyambo yofunika kuisunga.

Mwina mukufunsa kuti, msika wa mwezi umodzi ungadyetse banja chaka chonse? Yankho lake n'lakuti ntchito siyamba mu Disembala. Matabwa a zidole zambiri amafunika kuuma bwinobwino asanasemedwe, apo ayi chidole chimang'aluka chikalowa m'nyumba yotentha. Chidole chimodzi choswera mtedza chimapangidwa ndi tizidutswa tambiri, kalikonse kosemedwa, kusalazidwa, kupakidwa utoto ndi kumatidwa pakokha, ndevu ndi tsitsi n'kubwera pamapeto. Amisiri amagwira ntchito miyezi yonse, kudzaza makatoni, kudikira masabata ochepa aja. N'chifukwa chake zinawapweteka kwambiri mu 2020, pamene misika yambiri sinatsegulidwe chifukwa cha mliri wa Covid-19. Wa ku Nuremberg sunachitike chaka chimenecho ngakhalenso chotsatira chake, ndipo katundu wa anthu ambiri anangokhala m'makatoni.

Vuto lina ndi la zinthu zongotengera. Mafakitale akuluakulu a kutali amapanga zidole zooneka ngati za ku Seiffen n'kuzigulitsa motchipa kwambiri, ndipo zina zimapezeka m'misika ya Khirisimasi momwemo. Sindikunena kuti wogula chotchipa walakwa, si aliyense ali ndi ndalama ya chosema ndi manja. Chimene sindigwirizana nacho ndi kunamiza wogula kuti chinthu chachokera kumapiri pomwe sichinafikeko n'komwe. Pofuna kudziteteza, amisiri a ku Erzgebirge ali ndi bungwe lawo ndi chizindikiro chimene amamata pa katundu wawo weniweni. Ku Seiffen kulinso sukulu imene achinyamata amaphunzira kusema zidole kwa zaka zitatu, kuyambira kunola tchizulo mpaka kujambula diso ndi kaburashi kosongoka. Oyang'anira msika wa ku Nuremberg nawo amasankha mosamala oti agulitse pabwalo lawo, ndipo salola kukongoletsa tinyumba ndi masamba apulasitiki.

Misika imeneyi yawolokanso nyanja. Mumzinda wa Chicago ku America muli msika wotengera wa ku Nuremberg umene unayamba mu 1996. Ku Britain, mzinda wa Birmingham uli paubale ndi mzinda wa Frankfurt wa ku Germany, ndipo chaka ndi chaka amalonda amabwera kudzamanga tinyumba tawo mumsewu wa New Street ndi pabwalo la Victoria Square kuyambira mu Novembala. Enanu muli ndi azakhali kapena amalume amene amakhala ku Britain. Akadzaimba foni Khirisimasi ikubwerayi, muwapemphe kuti akapita kumsika wotere akakujambulireni kansanja kozungulira kaja makandulo ake akuyaka. Muwauzenso kuti akanyamule chidole chimodzi choswera mtedza, akachitembenuze, n'kukuwerengerani zimene zalembedwa kunsi kwake, mudziwe ngati chinachokeradi ku Seiffen.